Tiwayamike Amene Amasamala Madzi Athu a Nsomba

CHOLINGA CHA PHUNZIROLI

Pomaliza phunziroli tikhale titadziwa anthu ndi magulu amene amadzipereka kusamala nyanja, mitsinje ndi madamu momwe timawedza nsomba, titamvetsa chifukwa chake tiyenera kuwayamika poyera, ndiponso titagwirizana njira yowayamikira mosakondera kuno kwathu.

MAU OYAMBA

Abale, tiyambe ndi kankhani aka. Tiyerekeze kuti Loweruka lina m'mawa mukutsika kuchokera ku Mpingwe kupita ku msika wa Limbe. Pa kamlatho kena mukuona bambo wachikulire ali m'madzi, buluku atapinda mpaka m'maondo, akuvuula majumbo, mabotolo ndi matewera a ana. Anyamata awiri onyamula ndodo za nsungwi ndi kachitini ka nyongolotsi aima n'kumamuyang'ana.

"Madala, wakulembani ntchitoyi ndani?" akufunsa mmodzi.

"Palibe, mwana wanga."

"Nanga akupatsani zingati?"

"Palibenso. Koma inu mukufuna kukawedza kumunsiku. Nsomba singakhale m'jumbo."

Anyamata aja akuseka n'kupitirira. Inunso mukupitirira, chifukwa mukufulumira kukagula usipa usanadule. Palibe amene wanena kuti zikomo. Loweruka lotsatira bambo uja abweranso. Mwezi wa mawa mwina abwera kamodzi. Chaka chamawa sadzaonekanso. Tikadzaona kamtsinje katatsekeka ndi zinyalala tidzati boma latitaya, osakumbuka kuti panali munthu amene anayamba ntchito ife n'kumusiya yekha.

Phunziro lathu la lero likunena za anthu ngati bambo ameneyu.

1. KUWEDZA KOSANGALALA

Pali kugwira nsomba kwa malonda, kumene kumachitika ndi chilimila, makoka ndi zombo zokoka maukonde. Pali kugwira nsomba kwa ndiwo za tsiku limenelo. Palinso kuwedza kosangalala, pamene munthu atenga mbedza ndi nyambo kukakhala m'mbali mwa madzi kuti apumule, acheze ndi anzake kapena aphunzitse mwana wake. Wotere akagwira zochepa amakhutira, ndipo ena amabwezera m'madzi nsomba imene agwira isanafe.

Ambiri timaganiza kuti kuwedza kotereku ndi kwa azungu ndi anthu achuma okha. N'zoona kuti nsomba za trout zinabwera ndi atsamunda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo anaziika m'mitsinje yozizira ya pa phiri la Zomba monga Mulunguzi, pa phiri la Mulanje ndi m'madamu a ku Chelinda ku Nyika. N'zoonanso kuti m'madamu ena a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje anaikamo nsomba za black bass. Koma mwana amene amapinda waya kukhala mbedza n'kukadikira matemba kapena mlamba ku dambo, nayenso ndi mmodzi wa owedza osangalala. Ambiri a ife tinakula chotero.

Nsomba zathu za makolo nazo zimakopa alendo. Mpasa imachoka m'nyanja ya Malawi kukwera mitsinje kukaswana, ndipo mtsinje wa Bua umene umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota ndi umodzi mwa mitsinje yochepa kumene ikadapezekabe. Ku Cape Maclear alendo amabwera kudzangoona mbuna za mitundumitundu zikusambira pakati pa miyala. Malowa anakhala paki mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo amtengo wapatali pa dziko lonse lapansi. Alendo oterewa amasiya ndalama kwa eni mabwato, ophika, osema ziboliboli ndi olondolera njira.

Mfundo yofunika ndi iyi: madzi ndi amodzi. Mtsinje umene wafa kwa mwana wa mbedza wafanso kwa mayi wofuna ndiwo. Amene asamala malo oswanira nsomba wathandiza wowedza mosangalala, msodzi wa malonda, ndi ife ogula pa msika wa Limbe.

2. NDANI AMAGWIRA NTCHITOYI?

Boma lili ndi Dipatimenti ya Nsomba, koma alangizi ake sangakhale pa doko lililonse usiku ndi usana. Gawo lalikulu la ntchito yoteteza nsomba m'dziko muno limagwiridwa ndi anthu wamba osalandira malipiro. Tione zitsanzo zinayi.

Chilumba cha Mbenji, ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira unakhazikitsa lamulo loti chilumbachi chizitsekedwa chaka ndi chaka. Asodzi onse amachokako mu Disembala ndipo amabwererako mu Epulo, kuti nsomba, makamaka utaka, ziswane mwamtendere. Pa chilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo zida zoononga monga masikito n'zoletsedwa. Pali komiti ya anthu a komweko imene imaonetsetsa kuti malamulowa akutsatidwa. Potseka ndi potsegula pamakhala mwambo waukulu umene mafumu, asodzi ndi akuluakulu a boma amasonkhana. Papita zaka pafupifupi 70 dongosololi likuyendabe.

Nyanja ya Malombe, ku Mangochi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nyanjayi inkatulutsa matani masauzande angapo a chambo pa chaka. Patangopita zaka ngati 10 chambo chinatsika kufika matani mazana ochepa, chifukwa cha maukonde a maso ang'onoang'ono amene ankakokolola ana a nsomba ndi kuphwasula zisa zake pansi pa madzi. Mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito limodzi ndi asodzi kudzera m'makomiti a m'madoko otchedwa Beach Village Committee, amene ambiri amangoti ma BVC. Lamulo la za nsomba la mu 1997 linavomereza kuti anthu a m'madera azitenga mbali poyendetsa usodzi.

Nyanja ya Chilwa. Nyanjayi inauma mu 1968, mu 1995, ndipo inaphweranso kwambiri mu 2018. Itauma mu 1995, matemba, makumba ndi milamba yotsala inathawira m'maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanjamo monga Likangala ndi Domasi. Mafumu ndi anthu awo anapanga makomiti olondera maiwewo, naletsa kuthiramo katupe ndi kukokamo maukonde. Madzi atabwerera, nsomba zopulumukazo ndizo zinakhala mbewu.

Nkhata Bay. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010 bungwe la Ripple Africa linayamba kuthandiza midzi kupanga makomiti a anthu 10 aliyonse, asodzi ndi osakhala asodzi, abambo ndi amayi. Makomitiwa amateteza malo a bango ndi madzi osaya kumene chambo chimalerera ana ake, amalanda masikito ogwirira nsomba, ndipo amaphunzitsa anzawo. Ntchitoyi inafalikira ku maboma ena a m'mbali mwa nyanja monga Nkhotakota ndi Salima.

Tidziwe chifukwa chake malo osayawo ali ofunika. Chambo chachimuna chimakumba chisa mu mchenga. Chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa mpaka titakhwima, kenako chimakatitula m'madzi osaya pakati pa bango. Tianati ndi timene timatchedwa kasawala. Munthu mmodzi wokoka sikito pamalo oterewa angathe kupha m'mawa umodzi nsomba zimene zikanadyetsa mudzi chaka chamawa. N'chifukwa chake boma limatseka nyanja ya Malawi kuyambira pa 1 Novembala, ndipo limaletsa kugwira chambo chosakwana masentimita 15. Mu 2018 akatswiri a bungwe la IUCN anaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pafupi kutheratu.

3. NTCHITO IMENEYI NDI YOWAWA

Tisaganize kuti kukhala mu komiti yotere n'kongovala malaya olembedwa. Amene ukumulanda ukonde si mlendo: ndi mlamu wako, mwana wa mchemwali wako, kapena munthu amene unakongola ufa kwa iye dzulo. Ena amanyozedwa pa chitsime, ena amaopsezedwa, ena amatchedwa akazitape a boma. Amadzuka usiku kukalondera pamene anzawo ali m'tulo, ndipo tsiku limene ali pa ntchito ya mudzi munda wawo umakhala osalimidwa.

Phindu la ntchito yawo siligwera m'thumba mwawo. Limafika kwa aliyense, ngakhale kwa amene anawanyoza. Apa ndiye pali vuto. Ntchito imene phindu lake ndi la onse koma thukuta lake ndi la ochepa, imafa msanga ngati onsewo sakuonetsa kuti akuiona.

4. KUYAMIKA SI KULIPIRA

Tiyerekeze Malombe ndi Mbenji. Ku Malombe makomiti anayamba ndi thandizo la mabungwe akunja, ndipo mamembala anazolowera kulandira alawansi popita ku misonkhano ndi ku maphunziro. M'malo ena panabuka mikangano pakati pa makomiti ndi mafumu pa nkhani ya yemwe ali ndi mphamvu pa doko. Thandizo litachepa, makomiti ambiri anafooka, ndipo chambo sichinabwerere monga chinalili kale. Sitikunena kuti anthu a ku Malombe anali aulesi; mavuto awo anali ambiri, umphawi ndi kuchuluka kwa maukonde. Koma tikuphunzirapo kuti ndalama ya mlendo payokha siimanga ntchito ya mudzi.

Ku Mbenji lamulo linabadwira pamudzi pomwepo. Olondera chilumba amadziwika, mfumu imawaimira kumbuyo, ndipo chaka chilichonse anthu amasonkhana kudzaona ndi maso awo chimene kudziletsa kwawo kwabala. Mwambo umenewo uli ngati kunena kuti: taona, tavomereza, pitirizani.

Kotero kuyamika si malipiro, si chiphuphu, ndiponso si mphatso ya wandale yofunira mavoti. Kuyamika ndi pamene anthu avomereza poyera kuti ntchito imene wina wagwira inali ya ife tonse, ndipo akulonjeza kusamusiya yekha.

Maiko ena anachizindikira ichi. Boma la Canada mu 1989 linakhazikitsa mphotho yapadera ya anthu ndi magulu odzipereka kukonza mitsinje ndi nyanja zowedzamo. Kuno kwathu, mayi Gloria Majiga-Kamoto analandira mphotho ya Goldman mu 2021 chifukwa cholimbikira kuti lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala, limene boma linaika mu 2015, ligwire ntchito. Khoti lalikulu la apilo linavomereza lamuloli mu 2019, ngakhale milandu ina inapitirirabe pambuyo pake. Majumbo amenewa ndi omwe aja amatseka mitsinje yathu. Mphothoyo inachititsa kuti anthu ambiri amve za vutoli. Koma si onse amene adzaitanidwa kunja kukalandira mphotho. Ambiri adzayamikidwa ndi ife, kapena sadzayamikidwa konse.

5. KUYAMIKA KUMATHANDIZA CHIYANI?

Choyamba, kumapatsa mphamvu wotopa. Munthu angathe kupirira njala ya tsiku limodzi, koma kupirira kunyalanyazidwa chaka chonse n'kovuta.

Chachiwiri, kumateteza. Wodzipereka amene wayamikidwa pamaso pa mfumu, khansala ndi anthu onse, woononga amamuopa chifukwa akudziwa kuti kumbuyo kwake kuli gulu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Chachitatu, kumaphunzitsa ana. Ana amatsanzira munthu amene akulu amamuombera m'manja. Ngati timaombera m'manja olemera okha, osafunsa kumene chuma chachokera, tisadabwe ana athu akamaseka wovuula zinyalala.

Chachinayi, kumakumbutsa atsogoleri udindo wawo. Gawo 13 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino a mu 1994 limalamula boma kusamala chilengedwe ndi kuganizira mibadwo ya m'tsogolo. Tikamayamika anthu wamba amene akuchita ntchitoyi kwaulere, khansala ndi phungu amene akhala pa mpando wa alendo olemekezeka amafunsidwa mosanena: nanga inu mwachitapo chiyani?

6. MBUNA ZOTI TIZIPEWE

Kuyamika kosaganizira bwino kumagawanitsa anthu. Tichenjere ndi izi:

(a) Kuyamika wapampando yekha. Nthawi zambiri satifiketi imapita kwa wodziwa kulankhula, pamene amene ananyowa m'madzi aiwalika. Ngati ntchito inali ya gulu, tiyamike gulu, ndipo maina onse atchulidwe.

(b) Kuiwala amayi ndi achinyamata. Amayi ndiwo amachapa ndi kutunga ku mtsinje, ndipo ndiwo amayamba kuona madzi akasintha. Ambiri amagwira ntchito mwakachetechete.

(c) Kusankha mobisa. Osankha akhale odziwika, ochokera m'magulu osiyanasiyana, ndipo asasankhe abale awo. Mfundo zosankhira zilengezedwe ntchito isanayambe.

(d) Kulowetsapo chipani. Mtsinje ulibe mtundu wa nsalu. Wandale abwere ngati nzika, koma mwambo usakhale msonkhano wa kampeni.

(e) Kusankhana chipembedzo kapena mtundu. Kuno ku Limbe timakhala ndi anthu a zipembedzo ndi mitundu yambiri. Amene wasamala madzi athu ayamikidwe, kaya amapemphera kuti.

(f) Kuyamika zooneka tsiku limodzi. Kubzala mitengo 500 pamaso pa atolankhani n'kosavuta. Funso ndi lakuti: patapita chaka yaphuka ingati, ndipo anaithirira ndani?

7. NANGA KUNO KU MPINGWE?

Wina anganene kuti, "Ife tili kutali ndi nyanja, izi zikutikhudza bwanji?" Zikutikhudza pawiri.

Poyamba, tili ndi madzi athu. Mtsinje wa Mudi umene umadutsa mumzinda wa Blantyre wakhala ukulandira zinyalala, zonyansa za m'zimbudzi ndi madzi oipa a m'mafakitale kwa zaka zambiri, ndipo zonsezo zimakathera mu Shire kumene anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje amagwira nsomba. Damu la Chiwembe kuno ku Limbe linavutika ndi namasupuni, udzu woyandama uja umene umakula msanga m'madzi onyansa n'kumana nsomba mpweya. Mapiri athu a Mpingwe, Bangwe, Soche ndi Ndirande atha mitengo, ndipo mvula ikagwa dothi limatsikira m'mitsinje n'kukwirira maiwe. Tonse tikukumbuka zimene namondwe Freddy anachita m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023. Amene akubzala mitengo m'phiri, amene akubzala nsungwi ndi vetiva m'mbali mwa mtsinje, amene akuvuula majumbo, onsewa akukonza nyumba ya nsomba, ngakhale sanagwirepo mbedza.

Magulu oterewa alipo pakati pathu. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lakhala likulimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Pali aphunzitsi amene amayendetsa makalabuwa popanda kuonjezeredwa malipiro, pali magulu a achinyamata osesa m'ngalande, pali makomiti a nkhalango. Kodi timawadziwa maina?

Kachiwiri, ndife ogula. Kasawala amene amagwidwa ndi sikito ku nyanja amafika pa misika ya m'tauni chifukwa alipo amene amamugula. Sitingayamike wa komiti ku Nkhata Bay ndi pakamwa, dzanja lathu likulipira amene akumuvutitsa. Kukana kugula tiana ta chambo ndi zikomo wamkulu amene munthu wa m'tauni angapereke.

MAFUNSO OTI TIKAMBIRANE M'MAGULU

1. Akuluakulu atifotokozere: ndi nsomba ziti zimene ankawedza m'mitsinje ndi m'madamu a kuno ali ana? Zinatha liti, ndipo chinachitika n'chiyani?

2. Mu kankhani ka koyamba kaja, mukanakhala inu mukanamuuza chiyani bambo uja? Nanga anyamata aja?

3. N'chifukwa chiyani dongosolo la ku Mbenji lakhalitsa? Ndi ziti zimene tingatengereko kuno ku tauni, kumene anthu timachokera kosiyanasiyana?

4. Kodi n'koyenera kupatsa odzipereka alawansi? Ubwino wake ndi wotani, kuipa kwake n'kotani?

5. Tchulani anthu kapena magulu atatu a m'dera lathu amene amasamala mtsinje, dambo kapena phiri osalipidwa. Tinawathokozapo?

ZOTI TICHITE

1. Mphakati uliwonse usankhe anthu awiri, bambo ndi mayi, ayende m'mbali mwa kamtsinje kapafupi ndi kulemba m'kabuku amene akugwirapo ntchito, zimene achita ndi nthawi imene anayamba.

2. Tikumane ndi mafumu a m'dera, khansala, aphunzitsi aakulu ndi atsogoleri a zipembedzo zina, tigwirizane mfundo zosankhira. Mwachitsanzo: ntchito ikhale itatha chaka, ikhale yosalipidwa, ndipo zipatso zake zioneke ndi maso.

3. Tisankhe tsiku limodzi pa chaka. Masiku oyenera alipo kale: 5 Juni ndi tsiku la zachilengedwe, 21 Novembala ndi tsiku la usodzi pa dziko lonse, ndipo 5 Disembala ndi tsiku lokumbukira ogwira ntchito mongodzipereka. Mwambo uchitikire ku mtsinje komweko, osati mu holo.

4. Mphatso ikhale yothandiza ntchito: magambutsi, magolovesi, mafosholo, wilibala, mbande za mitengo. Kalata yothokoza yosainidwa ndi mfumu ndi khansala iwerengedwe mokweza. Wachinyamata angathe kuigwiritsa ntchito pofunsira sukulu kapena ntchito.

5. Ndalama zilizonse zosonkhedwa zilembedwe, ndipo ziwerengedwe pamaso pa anthu.

6. Mwambo ukatha, aliyense alonjeze tsiku limodzi lodzagwira nawo ntchito. Mutu umodzi susenza denga.

MAU OMALIZA

Abale, sitikudziwa ngati ana a ku Mpingwe adzawedzenso matemba pafupi ndi kwawo monga tinkachitira ife. Zimenezo zidalira mvula, mitengo, khonsolo ya mzinda ndi eni mafakitale. Koma chimodzi chili m'manja mwathu sabata ino. Mukadzadutsanso pa kamlatho kaja n'kupeza bambo uja ali m'madzi, imani, mum'funse dzina, mum'thokoze, ndipo mubweretse dzinalo ku msonkhano wathu wotsatira.